Chilombo Chopanda Mnzake: Mphamvu ndi Chilungamo m'Masewera

Mawu Oyamba

M'chigwa cha Honde, kunsi kwa phiri la Nyangani, ndi m'mapiri a Chipinge, kum'mawa kwa Zimbabwe, muli minda ikuluikulu ya tiyi. Ku Chipinge tiyi adayamba kubzalidwa m'chaka cha 1924 pa esiteti ya New Year's Gift, pamene padaphukira kampani ya Tanganda, ndipo m'chigwa cha Honde minda ya tiyi idakula m'zaka za m'ma 1950. Pakati pa anthu amene adalambula tchire, kubzala ndi kuthyola tiyiyo padali ochokera ku Mozambique ndi ku Nyasaland. Ena adabwerera kwawo, ena adatchona. Matchonawo adabweretsa ku Southern Rhodesia chinenero chawo, gule wawo ndi bawo lawo, ndipo adzukulu awo akulira pakati pa Chimanyika ndi Chindau.

Wowerenga ayerekeze kuti ndi Lamulungu masana pa komboni ina ya kumeneko. Mkulu wina, amene adakalambira m'tiyi, wakhala pa bawo ndi mnzake. Pambali pake pali mdzukulu wake, maso ali pa foni, akumenyanitsa zilombo za m'masewera a Pokémon ndi munthu wina wa kutali amene sadzamuona. Mnyamatayo akudandaula: "Agogo, chilombo chimene ndimadalira achiletsa. Akuti ndi champhamvu mopitirira." Mkuluyo akuyankha osadzutsa mutu: "Iwe mwana, kodi chinthu chimaletsedwa chifukwa cha mphamvu zake? Amene akugonjayo ndiye aphunzire kusewera."

Yankho la mkuluyu ndi lomveka, ndipo anthu ambiri anzeru angagwirizane nalo. Komabe funso silikuthera pamenepo. Kodi chilombo champhamvu kwambiri chimawonongadi mpikisano? Ngati chimawononga, chimawononga chiyani makamaka? Nanga mlandu ndi wa yani: wa chilombocho, wa wochisankha, kapena wa wopanga malamulo? Nkhani ino ikusonyeza kuti vuto silikhala kukula kwa mphamvu, koma mphamvu imene ilibe yankho, chifukwa imalanda osewera ufulu wosankha umene ndiwo moyo wa masewerawo.

Tizilombo ta m'thumba

Masewera a Pokémon adatuluka koyamba ku Japan m'chaka cha 1996. Adawapanga ndi kampani ya Game Freak, motsogozedwa ndi Satoshi Tajiri, amene ali mwana ankakonda kugwira tizilombo m'tchire. Dzinalo ndi chidule cha mawu otanthauza zilombo za m'thumba, ndipo Chichewa chili ndi liwu lokwanira bwino: tizilombo, chilombo chochepetsedwa ndi mphatikiram'mbuyo ti-. Poyamba zilombozo zidali 151, lero zidapitirira 1,000. Wosewera amasankha zisanu ndi chimodzi, chilichonse chili ndi njira zinayi zomenyera, n'kukumana ndi gulu la mnzake.

Maziko a masewerawa ndi akuti chilombo chilichonse chili ndi mtundu wake, ndipo mtundu uliwonse uli ndi wougonjetsa. Moto umapsereza udzu, udzu umamwa madzi, madzi amazimitsa moto. Palibe amene ali pamwamba, chifukwa mitunduyo imazungulirana ngati mkombero. Luso la wosewera lili pa kudziwa chimene mnzake atulutse ndi kumutchera choyenera.

Koma mkomberowu udali ndi mpata kuyambira pachiyambi. M'masewera oyambawo mudali mitundu 15, ndipo mtundu wa Psychic, womenya ndi mphamvu ya maganizo, udalibe mdani weniweni. Opanga adafuna kuti zilombo za mizukwa ziziugonjetsa, koma chifukwa cha cholakwika m'malangizo a kompyuta, nkhonya za mizukwa sizinkaukhudza n'komwe. Pamwamba pa mtundu umenewu padali Mewtwo, chilombo chaliwiro lalikulu, chimenenso chidali champhamvu kuposa china chilichonse. Game Freak yomwe idavomereza vutolo mwa zochita zake: m'chaka cha 1999 idawonjezera mitundu iwiri, Dark ndi Steel, ndipo wa Dark sukhudzidwa ndi nkhonya za Psychic. M'chaka cha 2013 idachitanso chimodzimodzi pobweretsa mtundu wa Fairy kuti uchepetse ukali wa zinjoka za mtundu wa Dragon.

Zimene chinenero chikunena

Asanafunse akatswiri a kunja, wolankhula Chichewa angafunse chinenero chake. Dzina lakuti mpikisano limachokera ku mneni kupikisana, ndipo m'kati mwa mneniyu muli -an-, msintho wochitirana umene umapezekanso mu kumenyana, kulimbana, kukondana ndi kuthandizana. Sam Mchombo, m'buku lake la m'chaka cha 2004 lofotokoza kapangidwe ka ziganizo za Chichewa, adaunika msinthowu mozama. Chimene umachita n'chodziwika: mneni woyambukira amasanduka wosayambukira. M'chiganizo chakuti "Mkango unamenya nyalugwe" muli womenya ndi womenyedwa. M'chiganizo chakuti "Mkango ndi nyalugwe zinamenyana" pamtherankhani wasowa, ndipo onse awiri akhala eninkhani. Aliyense ndi wochita, aliyensenso ndi wochitidwa.

Choncho Chichewa chimafuna kuti pa mpikisano pasakhale amene ntchito yake ndi kungolandira nkhonya. Pamene mbali imodzi ilibe njira iliyonse yobwezera, -an- amafa, ndipo chotsala ndi kumenya chabe. Munthu wamkulu akagwetsa kamwana, palibe amene amati awiriwo alimbana.

Pali mneni wina wochititsa chidwi, kupambana. Nayenso amatha ndi -ana, koma sachita ngati anzake aja, pakuti amalola pamtherankhani: "Wapambana anzake onse." Amaoneka ngati wochitirana pamene m'zochita zake ndi wa mbali imodzi. Mpikisano wa chilombo chopanda mnzake ulinso chimodzimodzi. Kunja kumaoneka magulu awiri, bwalo limodzi ndi malamulo amodzi, koma m'kati mwake nkhani idatha asadayambe.

Kusalingana kwa mitundu iwiri

Apa mkulu wa pa bawo uja angatsutse ndi mfundo yamphamvu. Ngati Mewtwo ndi wololedwa kwa onse, ndani akuponderezedwa? Aliyense atenge wake, akumane. M'masewera a chesi mfumukazi ndi yamphamvu kuposa zidutswa zonse. Kale inkayenda bokosi limodzi lokha chopingasa, ndipo idalandira mphamvu zake za lero kumapeto kwa zaka za m'ma 1400, ku Spain ndi ku Italy. Chesi sidafe ndi kusinthaku, m'malo mwake idakoma ndi kufulumira, chifukwa mbali iliyonse ili ndi mfumukazi yake.

Mfundoyi ndi yoona, koma ikusakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Pali kusalingana kwa pakati pa osewera, ndipo pali kusalingana kwa pakati pa zosankha. Pa chesi munthu sasankha zidutswa zake, amazipeza zoyalidwa kale, choncho mphamvu ya mfumukazi siimulanda kanthu. Pa Pokémon theka la masewera ndi kusankhako. Lonjezo lake ndi lakuti pa zilombo mazanamazana munthu angadzipangire gulu lofanana ndi nzeru zake. Chilombo chimodzi chikakula mwakuti wosachitenga wagonja kale, osewera amakhalabe olingana, koma mazana aja asanduka chimodzi.

Zoterezi zidaoneka poyera. M'masewera a m'chaka cha 2013 mudali Mega Kangaskhan, chilombo chomenya kawiri pa nthawi imodzi, mayi kenako mwana wake. Pa mpikisano wa dziko lonse wa m'chaka cha 2015 ku Boston, ambiri mwa amene adafika kumapeto adali ndi chilombo chimenechi, ndipo magulu awo adali ofanana ngati ana a mimba imodzi. Palibe amene adabera mnzake. Aliyense adasankha mwanzeru, ndipo nzeru za onse zidawafikitsa pa khomo limodzi. M'chaka cha 2016 opanga adachepetsa nkhonya yachiwiri ija kuchoka pa theka kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi a nkhonya yoyamba.

Chaka chimodzi m'mbuyo mwa Boston, mu 2014, Se Jun Park wa ku South Korea adapambana mpikisano womwewo ali ndi Pachirisu m'gulu lake, kagologolo kamene ambiri ankakapeputsa. Ntchito ya kanyamaka idali kudziitanira nkhonya za adani kuti anzake amphamvu apeze mpata. Anthu amakumbukirabe chipambano chimenechi chifukwa ndicho chimene amafuna m'masewera, monga mmene ana amafunira Kalulu m'nthano. Nthano ya Kalulu amene adakokanitsa chingwe Njovu ndi Mvuu, aliyense akuyesa kuti akukokana ndi kanyama kakang'ono, imakoma chifukwa Njovu ili ndi pofooka: kunyada ndi kusaona patali. Njovu yodziwa zonse, yoona zonse ndi yothamanga kuposa onse ikadalowa m'nthano, nthanoyo sikadakambidwa kawiri.

Mphamvu ndi mtengo wake

Bawo lenilenilo limaphunzitsa za mphamvu imene siiwononga masewera. Pa maenje 32 ndi njere 64, mbali iliyonse ili ndi dzenje limodzi la ngodya zinayi lotchedwa kuu. M'kaseweredwe ka ku Malawi kuu imayamba ndi njere zisanu ndi zitatu, ndipo ili ndi maufulu amene maenje ena alibe. Wosewera waluso amaisunga ndi kuinenepetsa kufikira nthawi yoyenera, ndipo akaiyendetsa bwino imasesa bawo lonse. Koma kunenepa kwakeko ndiye ngozi yake. Mdani akaidya amatenga njere zonse zimene mwiniwake adasonkhanitsa, ndipo ikangoyendetsedwa kamodzi maufulu ake atha. Mphamvu ya kuu ili ndi mtengo, ili ndi nthawi, ndipo ili ndi yankho.

Mlandu wa Mega Rayquaza, chilombo chimene chidabwera mu Novembala 2014, udali wosowa zinthu zitatu zimenezi. M'masewerawa chilombo chilichonse chimanyamula chida chimodzi chokha. Zilombo zina kuti zisandulike kukhala za Mega zimayenera kunyamula mwala wapadera, motero zimataya mwayi wonyamula chida china. Umenewo ndiye mtengo wake. Rayquaza sankafuna mwalawo, choncho ankasandulika atanyamulanso chida chowonjezera ukali. Kuwonjezera apo, akalowa m'bwalo ankabweretsa mphepo imene inkafafaniza kufooka kwa zilombo zouluka, mtundu wake womwe. Gulu la osewera la Smogon, limene limayendetsa mipikisano ya pa intaneti, lidali kale ndi khola lotchedwa Ubers losungiramo zilombo zoletsedwa m'mipikisano wamba, Mewtwo mmodzi wa izo. Pasadathe mwezi Rayquaza adaletsedwanso m'khola limenelo, ndipo adamumangira lina, la Anything Goes, kumene chilichonse n'chololedwa.

N'zofunika kuona kuti chilombocho sadachiphe. Adachipatsa bwalo lake. Achewa amaidziwa nzeru imeneyi kuchokera ku gule wamkulu, amene matchona adapita naye ku migodi, ku mafamu ndi ku maesiteti a Zimbabwe, kumene Ashona amamutcha zvigure. Zilombo za gule sizituluka chisawawa. Njovu, yolemekezeka pakati pa zilombo, siioneka pa mwambo uliwonse, imadikira miyambo ikuluikulu monga maliro a mfumu. Gule si mpikisano, ndipo kumuyerekeza ndi masewera a pa foni kuyenera kuthera pomwepa. Koma mfundo yake ndi yomveka kwa aliyense: kuika malire pa chinthu chachikulu si kuchinyoza. Kawirikawiri ndiko kuchilemekeza, ndiponso ndiko kupatsa zing'onozing'ono malo ovinira.

Mlandu wa wosewera

Tsono ngati malamulo akadalola chilombo chotere, kodi wochisankha walakwa? David Sirlin, m'buku lake lotchedwa Playing to Win, adati ayi. Kwa iye wopikisana ayenera kugwiritsa ntchito chilichonse chimene malamulo alola, ndipo amene amadziikira timalamulo ta ulemu m'mutu mwake, n'kumanyoza omugonjetsa, akungodzinamiza. Adachenjezanso kuti zambiri zimene anthu amathamangira kuzitcha zosagonjetseka zimapezeka kuti zili ndi yankho, anthu akafatsa kulifufuza. Pa ichi Sirlin ndi mkulu wa pa bawo ali kumodzi, ndipo ayenera kumveredwa. Kuletsa msanga kumapha luso, chifukwa kumaphunzitsa anthu kudandaula m'malo moganiza. Komabe ngakhale Sirlin adavomera kuti pali malire. Adatchula Akuma wa m'masewera a Super Street Fighter II Turbo monga wankhonya amene adayeneradi kuletsedwa chifukwa ankaphimba ena onse.

Bernard Suits, katswiri wa filosofi amene adaphunzitsa ku Canada, adafotokoza m'chaka cha 1978 kuti masewera amakhalapo pamene anthu avomera mwa kufuna kwawo zopinga zimene akadatha kuzilambalala. Wofuna njere za mnzake pa bawo angathe kungotambasula dzanja n'kuziwola, koma akatero wapeza njere, bawo wataya. Wosewera aliyense ali ndi zofuna ziwiri: kupambana, ndi kuti pakhale chinthu choyenera kuchipambana. Nthawi zambiri ziwirizi zimayendera limodzi. Chilombo chopanda mnzake ndicho chimazilekanitsa.

Choncho yankho lili pawiri. Pa mpikisano wa mphotho, wosankha chilombo chololedwa alibe mlandu, ndipo kumutukwana ndi kusenzetsa munthu mmodzi katundu wa opanga malamulo. Koma munthu yemweyo, akatuluka m'bwalo, ali ndi udindo wonena zoona za chida chimene wapambanira, ngakhale zoonazo zimulande chidacho. Pa masewera a pakhomo, a mkulu ndi mng'ono wake, kumene kulibe woweruza, udindo wonse uli pa wamphamvuyo. Akalimbikira kutulutsa chilombo chimene mng'ono wake sangachiyankhe, adzapambana lero ndi mawa, ndipo mkuja adzakhala yekha ndi foni yake.

Woika malire ndani?

Funso lovuta kuposa onse ndi la amene ali ndi ufulu woletsa. Smogon kawirikawiri imayesa chilombo chokayikitsa kwa masiku angapo, kenako amene aonetsa luso lokwanira m'nthawi imeneyo amaponya voti. Njirayi ili ndi ubwino wake, pakuti oweruza ndi anthu amene alawa nkhonya za chilombocho. Ilinso ndi chilema chake: mawu amakhala a akatswiri okha, ndipo mnyamata wa ku Honde, amene intaneti yake ndi yogula pang'onopang'ono, amangomva kuti zasintha. Pa mipikisano ya kampani yeniyeni malamulo amachokera kumwamba, ndipo zaka zina, monga 2016, wosewera ankaloledwa zilombo zikuluzikulu ziwiri zokha m'gulu lake.

Njira iliyonse ingatsatidwe, lamulo lolungama liyenera kudziwika mpikisano usadayambe, ligwire onse mofanana, ndipo chifukwa chake chinenedwe poyera. Akale adati nkhanga zidapangana kusadapse. Ana a matchona safunika kuuzidwa kuwawa kwa lamulo losinthidwa masewera ali m'kati. Lamulo la unzika la m'chaka cha 2001 ku Zimbabwe lidafuna kuti aliyense amene akadatha kukhala nzika ya dziko lina akane unzikawo motsata ndondomeko, ndipo anthu ambiri obadwira m'mafamu ndi m'maesiteti, amene Malawi ankangomumva m'nkhani za makolo, adapezeka ali alendo m'dziko lobadwira, opanda voti. Malamulo aakulu a dziko a m'chaka cha 2013 ndiwo adazindikira unzika wa obadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera m'maiko a SADC, ndipo adaikanso Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Unzika si masewera, ndipo kulemera kwa ziwirizi n'kosiyana kutali. Koma amene adaona zimenezi amadziwa kufunsa, ngakhale pa kanthu kakang'ono, kuti lamuloli waika ndani ndipo adafunsa yani.

Mawu Omaliza

Wina angafunse chifukwa chake nkhani ya tizilombo ta pa foni iyenera kutayirapo nthawi. Yankho lili pa komboni pomwe paja. Moyo wa pa esiteti udali wa makwerero: manijala pamwamba, kalaliki ndi kapitawo pakati, wothyola tiyi pansi, dengu kumsana, tsiku lake likuyezedwa pa sikelo. Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka wothyolayo adalibe yankho kwa kapitawo. Koma Lamulungu, awiriwo akakhala pa bawo, aliyense adali ndi njere 32, ndipo kapitawo ankatha kudyeredwa kuu yake anthu akuona, iye n'kuseka nawo. Johan Huizinga, m'buku lake la m'chaka cha 1938 lotchedwa Homo Ludens, adaona kuti masewera amadzipatulira malo ndi nthawi yawoyawo, mmene malamulo a moyo wamba amayamba aima. Kwa anthu amene masiku asanu ndi limodzi a sabata adali a kumvera, malo amenewo sadali achibwana.

Chilombo chopanda mnzake chimalowetsa makwerero aja m'malo opatulikawo. Zimaipiratu m'masewera ena a pa foni a masiku ano, mmene chilombo champhamvu chimagulidwa ndi ndalama, pakuti pamenepo mwana wa manijala ndi mwana wa wothyola amakumana pa bwalo monga mmene makolo awo ankakumanirana pa sikelo.

Mkulu uja adanena zoona kuti wogonja aphunzire kusewera, ndipo mawu amenewa ndi oyenera kunenedwa choyamba, munthu asadathamangire kuletsa. Amasiya kugwira ntchito pokhapo pamene palibenso choti wogonja aphunzire. Mdzukulu akadafuna kuwagwira agogo ake ndi mawu awo omwe, akadawafunsa mwaulemu kuti: "Agogo, kukadakhala kuti kuu ya mnzanuyo siidyeka, ndipo ngakhale aiyendetse imabwerera yodzaza, mukadakhalabe pa bawopo?" Munthu amene wasewera bawo zaka makumi asanu sangachedwe kuyankha funso limenelo.